Ndale za pa lole zatikwana ku Mzuzu

Inu amalonda a ku Mataifa ndi ku Zigwagwa, ndikufunseni: mnyamata wokunyamulirani katundu uja, ndale anaphunzira kwa yani? Ambiri sukulu yao ndi lole ya chipani. Amkweza, amuveka tisheti, ampatsa ya mowa, basi wakhoza mayeso.

Mzinda uno ukudziwa kumene zotere zimathera. Mu Disembala 1993 apayoniya anapha asilikali awiri konkuno ku Mzuzu, ankhondo nkulusa, nkulanda zida za MYP dziko lonse pa Operation Bwezani. Apayoniya anatha, koma matipate anabereka ena: ma Young Democrats a UDF, kenaka makadeti a DPP.

Nchifukwa chake ine mabungwe omwe si aboma sindiwanyoza. A Church and Society a sinodi ya Livingstonia akhala akuphunzitsa anthu za ufulu wao, a NICE nawo chiyambire 1999. Koma phunziro limene linandigwira mtima ndi la 2017, pamene Charles Kajoloweka wa Youth and Society ndi anzake anapita ku khothi lalikulu la Mzuzu, khothi nkulamula kuti nduna George Chaponda iyambe yaima pa ntchito pofufuza nkhani ya chimanga cha ku Zambia. Pambuyo pake makhothi anapeza a Chaponda osalakwa, komabe anyamata anaona ndi maso kuti nduna imagwedezeka ndi pepala, popanda kuponya mwala.

Nanga bwanji pa zionetsero za 2019 masitolo anaswedwa, katundu nkubedwa? Ine ndikuti maphunzirowa safika pamsika. Amathera m'malodji, m'Chingerezi, kwa omwe aja odziwa kale, ndi kaalawansi pamwamba. Wakabaza wa ku Chibavi amuitana ndani?

Pomwe zofunika kumva nzambiri. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti. Chiyambire 2020, pulezidenti amapambana pokhapokha atapeza mavoti opitirira theka. Ndipo chiphaso mumadula tsiku ndi tsiku chija chimapita ku khonsolo, kumene makhansala amene tinasankha pa 16 Sepitembala 2025 ayenera kutiuza za zimbudzi, zinyalala ndi ngalande.

Abale a mabungwe, musadikire chisankho china. Bwerani pamsika m'mamawa makasitomala asanachuluke, muyankhule Chitumbuka ndi Chichewa. Benchi tikubwerekani.