Malire a munda alowa m'kompyuta

Kumudzi malire a munda amadziwika ndi chulu, mtengo wa mango, khwawa kapena mzere wa nkhadze. Koma mtengo umadulidwa, khwawa limasuntha mvula ikachuluka, ndipo agogo amene ankadziwa pomwe khasu la uje linkalekezera amatisiya. Milandu yambiri ya malo imene imafika pabwalo la mfumu imayambira pamenepa.

Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limalola munthu kulembetsa munda wake ndi kulandira chikalata. Pa chikalatacho boma silingalembe kuti kuyambira pachulu kukafika pamango. Limafuna manambala.

Malo aliwonse padziko ali ndi manambala awiri: ina yosonyeza kutalika kwake kuchokera pa mzere wa equator, ina kuchokera pa mzere wodutsa ku Greenwich mumzinda wa London. Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kummwera ndi 34 kum'mawa. Manambalawa amapezeka ndi GPS, yomwe imadalira masetilaiti osachepera 24 ozungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000. Kachipangizo ka m'manja kamayenera kumva anayi kuti kadziwe pomwe kali.

Apa pafunika kusamala. Foni wamba imatha kuphonya ndi mamita asanu, ndipo kwa mlimi imeneyo ndi mizere isanu ndi umodzi ya chimanga, yokwana kudanitsa pachibale. Zida za akatswiri oyeza malo zimaphonya ndi masentimita ochepa chabe.

Ngodya zonse zikayezedwa, kompyuta imazilumikiza n'kujambula munda, kenako n'kuusanjika pa mapu a mitsinje, misewu, manda ndi madambo. Minda iwiri ikalowerana, zimaonekera pompo.

Komabe setilaiti sidziwa mwini munda. Imangolemba pamene woyeza waima, ndipo iye amaima pamene wamulozera. N'chifukwa chake lamulo linakhazikitsa komiti ya malo yotsogozedwa ndi gulupu, ya anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa m'mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Tsiku loyenda m'malire, oyandikana minda onse ayenera kukhalapo. Mayi wamasiye akakhala kuti wapita kuchipatala tsikulo, komiti idikire. Kukonza nambala yolowa kale m'kaundula kumafuna madandaulo, maulendo a kuboma ndi ndalama zimene mayiyo alibe.