KUPHUNZIRA KUMETA NDEVU NDI LUMO LOPINDA

Mnyamata akayamba kumera ndevu masiku ano, chida choyamba chimene amachigwira ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kobisa lezala m'kati mwake. Koma lilipo lumo lina lakale, lopinda ngati mpeni wa m'thumba, limene lilibe chotchinga chilichonse pakati pa mbali yake yakuthwa ndi khungu la munthu. Lumo lotere lingathe kutumikira mwini wake moyo wake wonse, mpaka kulisiyira mwana. Lingathenso kumcheka tsaya pa tsiku loyamba lenilenilo. Kusiyana kwa ziŵirizi kwagona pa mmene dzanja laphunzirira ntchito yake.

Lumo si chinthu chachilendo m'dziko muno. Amisiri osula zitsulo ankasula malumo aang'ono pamodzi ndi makasu ndi mivi, ndipo mwambo wa kumeta pambuyo pa maliro unkadalira chida chomwechi. Koma lumo lopinda linakulira ku Ulaya. Mzinda wa Sheffield ku England unali utayamba kale kulipanga cha m'ma 1680, ndipo cha m'ma 1740 Benjamin Huntsman anapeza njira yosungunulira chitsulo m'timiphika tadothi, kotero kuti chinkatuluka cholimba mofanana ponseponse. Mizinda ya Solingen ku Germany ndi Thiers ku France inatchukanso pa ntchitoyi. Kampani ya Thiers-Issard inayamba mu 1884, ndipo ya Dovo ku Solingen inayamba mu 1906.

Kale amuna ambiri a ku Ulaya sankadzimeta okha; ankapita kwa mmeti. Mu 1769 mmisiri wina wa mipeni wa ku Paris, Jean-Jacques Perret, anasindikiza buku lophunzitsa munthu kudzimeta yekha, zimene zikusonyeza kuti ngakhale nthaŵi imeneyo luso limeneli linali lofunika kuliphunzira. Lumo lopinda linayamba kuchepa mphamvu King Camp Gillette wa ku America atalandira chikalata cha umwini wa lezala lotaya mu 1904. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a America anapatsidwa malezala ameneŵa, ndipo pobwerera kwao anapita nacho chizoloŵezicho.

Wophunzira ayenera kuyamba ndi kulidziŵa lumo lake. Lili ndi mbali yakuthwa, msana wokhuthala, kakhosi kogwirapo zala, kamchira kopindika kumapeto, ndi chigoba chimene limaloŵamo akalipinda. M'mbali mwake analisema mofukula, kuti chitsulo chipyapyale kwambiri poyandikira mbali yakuthwa. Kutambalala kwake amakuyeza m'magawo asanu ndi atatu a inchi. Woyamba kumene amuyenera lumo la 5/8, ndiye kuti mamilimita pafupifupi 16, lansonga yobulungira, pakuti lansonga yosongoka limabaya khutu kapena mphuno munthu akangotembenuza dzanja molakwa. Lilipo lumo linanso lofanana nalo maonekedwe, limene amaikamo theka la lezala ndi kulitaya akatha. Limeneli ndilo ameti ambiri amagwiritsa ntchito. Silifuna kunola, koma silikhululuka dzanja lolemera.

Chodabwitsa n'chakuti lumo lobuntha ndilo limavulaza kwambiri. Likakana kudula, munthu amayamba kukanikiza, ndipo pokanikizapo ndi pamene limaloŵa m'khungu. Tsono lumo latsopano, ngakhale lochokera m'sitolo, kaŵirikaŵiri limafuna kuti mmisiri wodziŵa alinole poyamba. Mwala wonolera nkhwangwa kapena chikwanje sungathandize; pamafunika mwala wosalala kwambiri, monga uja wachikasu umene amakumba ku Ardennes m'dziko la Belgium. Kunola pamwala kumachitika patapita miyezi ingapo, ndipo wophunzira angachite bwino kusiyira ena ntchito imeneyi kufikira atadziŵa kumeta.

Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kupukuta lumo pa lamba wachikopa. Mbali yakuthwa ndi yopyapyala kotero kuti ikadula ndevu imapindika pang'ono, mosaoneka ndi maso, ndipo chikopa chimaiwongola. Munthu amakoloŵeka lamba pa msomali wolimba, naukoka kuti ukhale wokungika, nagoneka lumo chafulati kuti msana ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze chikopa. Kenaka amalikoka msana uli patsogolo, mbali yakuthwa ikutsatira. Akafika kumapeto amaligubuduza pamsana pake, osati pa mbali yakuthwa, ndi kubwerera. Maulendo 30 kapena 40 opita ndi kubwera amakwana. Wothamanga pa ntchitoyi amadula lamba ndi kubunthitsa lumo nthaŵi imodzi.

Ndevu zouma n'zolimba ngati timawaya. Zikamwa madzi zimafufuma ndi kufeŵa, motero nthaŵi yabwino yometa ndi pamene munthu wangosamba kumene madzi ofunda. Ngati sanasambe, afunde nkhope ndi kansalu konyika m'madzi ofunda kwa mphindi ziŵiri kapena zitatu. Pambuyo pake apake thovu la sopo wometera ndi bulashi. Thovulo lisakhale louma ngati ufa kapena lamadzimadzi lochucha. Likhale loterera, pakuti ntchito yake ndi kusunga madzi m'ndevu ndi kutsetsereka lumo. Likauma asanamalize, apakenso.

Kagwiridwe kake n'kotere. Lumo alitsegule mpaka chigoba chiloze kumwamba. Chala chamkombaphala, chapakati ndi chotsatira chake zikhale pamwamba pa kakhosi, chala chachikulu chikhale pansi, ndipo kachala kakang'ono kakhale pa kamchira. Poika lumo patsaya, aligoneke kaye chafulati, kenaka atukule msana pang'ono, mpata wokwana kukhuthala kwa msanawo kaŵiri. Ameti amati kupendekeka koyenera ndi madigiri pafupifupi 30. Likagona kwambiri limangodutsa pamwamba pa ndevu ndi kuzikoka. Likaima kwambiri limapala khungu ndi kulisiya likuŵaŵa ngati lapakidwa tsabola.

Pali malamulo atatu amene sasintha. Loyamba, lumo liyende chopingasa ndi utali wake, monga khasu liyendera popalira, osati chotsata utali wake monga mpeni uyendera pocheka nyama. Kutsetsereka pang'ono chabe cham'mbali kumang'amba khungu. Lachiŵiri, dzanja lisakanikize. Kulemera kwa lumo lenilenilo n'kokwanira. Lachitatu, lumo lisaime pakhungu munthu ali kuganiza kopita. Lifike likuyenda ndi kuchoka likuyenda, sitepe iliyonse yaifupi, ya masentimita aŵiri kapena atatu. Dzanja linalo ligwire khungu pamalo pouma, kumbuyo kwa lumo, kuti pometapo pakhale poyalika.

Apa ndi pamene mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito. Wophunzira asafune kumeta nkhope yonse tsiku loyamba. Sabata yoyamba amete tsaya limodzi lokha, la ku dzanja limene amalembera, kuyambira pafupi ndi khutu kutsikira ku nsagwada, pakuti pamenepo m'poyalika ndipo amapaona bwino pa kalilole. Kotsalako amalize ndi lezala limene analizoloŵera. Dzanja likaleka kunjenjemera aoloke ku tsaya linalo. Ena amaphunzitsa dzanja lamanzere, ena amapitiriza ndi lamanja, ndipo njira zonse ziŵiri n'zabwino. Kenaka atsikire pakhosi. Pa kafupa kotumphuka ka pakhosi, akokere khungu pambali ndi kumeta pamenepo. Chibwano ndi mlomo wam'mwamba zibwere pomalizira, chifukwa ndevu zake n'zolimba ndipo malo ake ndi okhotakhota. Masabata angapo oyamba nkhope siisalala ngati mmene lezala linkaisalalitsira, ndipo pamenepa ambiri amagwa ulesi. Amene apirira amaona kusintha pakatha mwezi umodzi kapena iŵiri.

Mfundo ina ikukhudza kwambiri amuna a ndevu zopotana, monga ambiri a mu Africa. Tsitsi lopotana likadulidwa pafupi kwambiri limatsala ndi nsonga yakuthwa, ndipo pokula limapindika ndi kuloŵanso m'khungu. Thupi limalimbana nalo ngati chitsotso, motero pamatuluka ziphuphu zoŵaŵa zimene madokotala amazitcha pseudofolliculitis barbae, ndipo zikapola zimasiya mabanga akuda kapena zipsera zotupa. Mabuku ambiri a kumeta amalangiza kubwereza katatu: motsata ndevu, chopingasa, ndi motsutsana nazo. Munthu wa ndevu zopotana asatengere malangizo ameneŵa. Asiye ndevu masiku aŵiri, azisisite ndi chala kuti adziŵe kumene zagonera, pakuti zapakhosi kaŵirikaŵiri siziloza kumene zapatsaya zimaloza, ndipo amete kamodzi kokha motsata kumeneko. Khungu aligwire kuti liyalike basi, osati kulikunga ngati ng'oma, chifukwa likabwerera m'malo mwake tsitsi limabisala pansi pake. Ziphuphu zikapitirira, aleke kumeta kwa masabata angapo, agwiritse ntchito makina osiya kandevu pang'ono, ndipo akaonane ndi a chipatala.

Kudzicheka pang'ono kumagwera wophunzira aliyense. Atsuke ndi madzi ozizira, akanikizepo kansalu koyera, kapena apakepo mwala wa alamu umene umaumitsa magazi. Bala lakuya losaleka kutuluka magazi ndi la kuchipatala. Lumo likapulumuka m'manja asayese kuliŵakha. Abwerere m'mbuyo, ligwe. Asamete ali pachangu, atamwa moŵa, kapena ana akuseŵera pafupi ndi chigongono chake.

Koposa zonsezi, lumo silibwerekanidwa, ngakhale pakati pa bambo ndi mwana wake. Kadontho ka magazi kosaoneka ndi maso kangathe kunyamula tizilombo ta matenda a chiŵindi otchedwa hepatitis B, timene timakhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku asanu ndi aŵiri kapena kuposerapo, ndipo zida zocheka khungu zingafalitsenso hepatitis C ndi HIV. N'chifukwa chake munthu akapita kwa mmeti ali ndi ufulu wopempha kuti lezala latsopano litsegulidwe iye akuona.

Akatha kumeta, atsuke lumo ndi madzi ofunda mosamala kuti lisagunde mpopi kapena beseni, alipukute ndi kansalu kuchokera kumsana, ndi kulisiya liume asanalipinde. Malumo ambiri ndi a chitsulo chochita dzimbiri msanga, makamaka m'nyengo ya dzinja, motero kadontho ka mafuta opepuka kamaliteteza. Alisunge pamalo pouma, pamwamba, pamene manja a ana safika. Lumo losamalidwa chotere silikalamba msanga: alipo ena opangidwa ku Sheffield zaka zoposa 100 zapitazo amene mpaka lero akumetabe ndevu m'maŵa uliwonse.