Kupweteka kwa Msana Pakati pa Asilikali Opuma: Zomwe Angachite Okha Kumudzi

Kupweteka kwa msana ndi vuto lomwe likulepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito padziko lonse. Bungwe la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi vutoli. Asilikali ali pachiopsezo chachikulu chifukwa amatha zaka akuyenda mitunda italiitali atabereka zikwama zolemera, monga anachitira omwe ankalondera njanji ya Nacala ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kapena omwe akhala akupita ku DRC kuyambira 2013.

Ku America, nthambi yosamalira asilikali opuma inayamba mu 2004 kupereka chithandizo cha chiropractic m'zipatala zake. Iyi ndi njira yowongola msana ndi manja, yomwe D.D. Palmer anayambitsa mu 1895. Koma chithandizochi sichithera pamanja pokha. Wodwala amalangizidwanso momwe angadzisamalire kunyumba, ndipo gawo limeneli ndi lomwe lingagwire ntchito kuno kwathu.

Msilikali yemwe anatsanzika ku Cobbe Barracks n'kukakhazikika ku Kachulu, m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa, sapuma kwenikweni. Amapalasa bwato, amakoka makoka, amawerama m'munda wa mpunga. Kuti akaonane ndi a mafizo ku Zomba Central Hospital ayenera kuyenda makilomita pafupifupi 30, ndipo sangakwanitse thiransipoti sabata iliyonse. Choncho masiku ambiri msana wake uli m'manja mwake.

Mu Disembala 2023, WHO inatulutsa malangizo okhudza msana womwe wapweteka kupitirira miyezi itatu popanda matenda ena oyambitsa. Malangizowa amavomereza kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewera olimbitsa thupi, kusisita ndi kuwongola msana ndi manja. Savomereza malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, kapena mankhwala amphamvu a gulu la morphine.

Mfundo yaikulu ndi yakuti munthu asagone tsiku lonse. Kugona masiku ambiri kumafooketsa minofu yomwe imagwira msana, ndipo ululu umachedwa kutha. Ndi bwino kuyenda pang'ono tsiku lililonse n'kumawonjezera mtunda. Pa ntchito yowerama, munthu aziweramuka pafupipafupi. Thumba la matemba ouma kapena la mpunga aligawe pawiri, ndipo ponyamula alisendeze pafupi ndi thupi. Nsalu yoviika m'madzi ofunda imachepetsa ululu kwa kanthawi. Nkhawa ndi kusowa tulo zimakulitsa ululu, choncho msilikali amene akuvutika ndi zomwe anaona ku nkhondo afotokozere achipatala.

Mapiritsi ogula pagolosale, monga bulufeni ndi indosidi, amathandiza kwa masiku ochepa okha. Kuwamwa miyezi yambiri kumayambitsa zilonda za m'mimba komanso kuwononga impso, makamaka kwa achikulire ndi odwala BP.

Pali msana wina wosayenera kuusamalira kunyumba. Munthu athamangire kuchipatala ngati miyendo ikufooka, ngati wachita dzanzi pakati pa miyendo, ngati akulephera kukodza kapena kudzigwira, kapenanso ngati ululu unayamba atagwa. Kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda zingasonyeze TB ya msana, yomwe imapundula munthu akachedwa kuyamba mankhwala. Msana wotere usawongoledwe kapena kupondedwa ndi aliyense.

Asilikali anazolowera kupirira osadandaula, ndipo izi zingawachedwetse kufuna thandizo. Komabe anazoloweranso mafizo a m'mawa uliwonse. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ataphunzitsidwa malangizowa ndi zizindikiro zoopsazi, angathe kugwira ntchito ndi bungwe la asilikali opuma la VELOM kuti mwambo wa mafizowo upitirire kumudzi, ndiponso kuti ofunika kuchipatala atumizidwe msanga.