Tsiku Limene Phwete Linasowa ku Peckham

  Lero pa pulogalamu yathu ya mbiri ndi miyambo ulendo ndi wa ku Peckham, dera la kummwera kwa mzinda wa London, kwa amuna awiri apachibale amene anaseketsa anthu a ku Britain kwa zaka 22. Koma ndineneretu: magawo a sewero lawo amene aliyense amawakonda ndawasiya kunyumba. Ndanyamula aja anthu amawadumpha, kuphatikizapo lina limene mwini wake yemwe anachita nalo manyazi.

Sewero lake ndi Only Fools and Horses. Analilemba ndi John Sullivan, ndipo linayamba kuonetsedwa pa kanema wa BBC pa 8 Seputembala 1981. Mkulu ndi Derek Trotter, amene aliyense amangomuti Del, venda weniweni: sutikesi ya katundu wosadziwika kochokera, pakamwa pothyathyalika, diso limodzi kwa kasitomala, lina kwa wapolisi. Mng'ono ndi Rodney, wamtali, wamanyazi, wolota zamaphunziro. Amakhala pamwamba m'nyumba yosanjikizana yotchedwa Nelson Mandela House, ndipo geni yawo amayendetsera kagalimoto kachikasu ka matayala atatu. Mayi awo anamwalira Rodney ali wamng'ono, bambo awo n'kuthawa. Del ndiye analera mng'ono wake. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Mukafunsa munthu wa ku Britain za seweroli, akuuzani zinthu zitatu. Nyale yagalasi yamtengo wapatali imene inagwa kuchokera kudenga n'kuphwanyika, mu 1982. Del akugwa chammbali m'bala pamene amati atsamire, mu 1989. Ndiponso awiriwa akuthamanga mumsewu usiku atavala ngati Batman ndi Robin, mu 1996. Zidutswa zimenezi zimabwerezedwa chaka ndi chaka, pa kanema ndi pa intaneti pomwe. Magawo onse alipo 64, koma anthu akhala akuzungulira pa zidutswa zomwezo ngati mbuzi yapachingwe. Ichi ndicho chimandiwawa.

(Nyimbo)

Tiyeni tsono ku tsiku la Khrisimasi, 25 Disembala 1986. Gawo la tsikulo linali A Royal Flush.

Choyamba mudziwe mmene masewero oterewa ankapangidwira. Zochitika za m'nyumba ankazijambula m'situdiyo, anthu atakhala pamipando kuonerera. Zimene anajambula panja ankawaonetsa anthu omwewo pa kanema kuti phwete lawo lilowe nawo pa tepi. Choncho chikhakhali chimene mumamva kumbuyo kuja ndi cha anthu enieni. David Jason, amene ankasewera ngati Del, amati akaponya mawu amadikira anthu amalize kuseka, kenako n'kuponya ena. Phwetelo limamuuzanso woonera kunyumba kuti mtima pansi, izi n'zocheza, palibe wapwetekedwa.

Chaka chimenecho nthawi inawathera. John Sullivan anali ku Paris kumene ankajambula sewero lake lina, Just Good Friends. Ntchito inachitika mwaliwiro, ndipo kulumikiza zithunzi kunatha m'mawa wa Khrisimasi womwewo. Mpata woitana anthu oonerera panalibe. Gawolo linapita pa kanema lopanda phwete ngakhale limodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Rodney akumana pamsika ndi mtsikana wogulitsa zojambula, dzina lake Victoria. Patapita nthawi azindikira kuti mtsikanayo ndi mwana wa munthu wamkulu kwambiri, Duke wa ku Maylebury. Rodney wamukonda mtsikanayo ndi mtima woona. Del waonapo chuma. Awapezera matikiti a sewero la nyimbo lotchedwa Carmen, iye n'kubweranso komweko ndi chibwenzi chake chakale, kumadya ndi kusokosera anthu onse ali chete. Rodney ataitanidwa kumudzi kwa Duke, kumene alendo akupikisana kuwombera timbale tadongo toponyedwa m'mwamba, Del atulukira osaitanidwa, atanyamula mfuti yobwereka kwa mbava yothyola mabanki.

Kenako chakudya chamadzulo. Apa ndipo ndikufuna tikhalitse.

Tebulo lalitali, alendo ovala bwino, antchito ataima m'mbali. Del waledzera. Ayamba kulankhula mokweza. Palibe woseka. Aponya nthabwala yolaula. Palibe woseka. Ayamba kukamba za ukwati wa Rodney ndi Victoria, nkhani imene eni ake sanaiyambe n'komwe. Zii. Kenako aulula pagulu kuti Rodney anagwidwapo ndi chamba. Kamera ipita pankhope ya Rodney. Nicholas Lyndhurst, amene ankasewera mbali imeneyi, sachita zambiri. Angozyolika, ngati mwana amene kholo lake lafika kusukulu litaledzera. Ndiye Del ayamba nthabwala ya masewera otsetsereka pa chipale chofewa, akudziwa bwino lomwe kuti mayi ake a Victoria anafera pa ngozi ya masewera omwewo.

Omvera, tamverani.

(Chete kwa kanthawi)

Chete ameneyu ndi amene anthu mamiliyoni anamumva m'nyumba zawo tsiku la Khrisimasi, atakhuta, ali ndi ana ndi agogo, akudikira kuseka. Chete wa pa wailesi amaopsa, mwina ena mwagwira kale chotsegulira poganiza kuti mabatire atha. Wa patebulo lija ndi woposa. M'magawo ena ambiri Del akanyoza Rodney, anthu a m'situdiyo amaseka, ifenso n'kuseka, chipongwecho n'kusanduka nthabwala. Apa munthu umangotsala wekha ndi mawuwo, osaphimbidwa. Umadikira wina aseke kuti akumasule. Sabwera. Del aponyanso mawu ena, n'kuima pang'ono pamalo paja pamayenera kugwera phwete, ndipo mpatawo umangokhala pululu. Ine ndabwezapo tepi pamalo amenewa kambirimbiri kungofuna kumvetsera mipata imeneyi. Umachita kumva kuti munthuyu wazolowera kukhululukidwa ndi chikhakhali, ndipo lero chikhakhalicho chamuthawa. Chaka chapitacho, mu 1985, gawo la To Hull and Back nalonso linalibe phwete, koma anthu analikonda, poti inali nkhani yothamangitsana yozembetsa diamondi kuchokera ku Amsterdam. Pa A Royal Flush chete anagwera pamalo pamene mkulu akuchititsa manyazi mng'ono wake, ndipo n'chifukwa chake anawawa.

Mathero akenso sapoza mtima. Abwerera ku Peckham, Rodney dzanja litavulala. Aulula kuti Duke anamulonjeza mapaundi 1,000 kuti asiyane ndi mtsikanayo, iye n'kukana. Del achita ngati akupepesa, apempha dzanja kuti agwirane chanza, ndiye n'kulifinya dzanja lovulalalo polanga mng'ono wake chifukwa chokana ndalama. Gawo lithera pomwepo.

John Sullivan sanalikonde gawoli. David Jason nayenso sanalikonde. Dandaulo linali lakuti Del waoneka wankhanza mopyola muyeso. Mu 2005 Sullivan analikonzanso potulutsa pa DVD: anadula mphindi zambiri, makamaka pamene Del akuonjeza, n'kuikamo phwete. Mwini wake anali ndi ufulu wotero. Koma ine ndimati pamene anadulapo mpamene panali choonadi.

Ndinalionera koyamba kwa achimwene anga amene amakhala ku England, pa tepi yakale ya vidiyo yogula pamsika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Achimwenewa ndiwo anandilipirira sukulu mayi athu atatisiya. Kunja kunkazizira, tili ndi makapu a tiyi m'manja. Titafika patebulo paja anasiya kumwa. Gawo litatha anakhala duu, kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati nawonso anandichitapo zotere pamaso pa anthu. Ndinati ayi, achimwene. Tonse awiri tinkadziwa kuti yankho lenileni ndi lina. Usiku umenewo tinacheza mpaka mbandakucha, nkhani zimene tinazisunga zaka zambiri. Nyale yogwa kudenga ija sinatichititsepo zimenezo.

Amene munaleredwa ndi achimwene kapena achemwali anu mukudziwa. Munthu amene anasiya zake kuti iwe udye, amakukonda kufikira imfa, komanso amakuona ngati munda wake. Amakusankhira ntchito, amakusankhira bwenzi, amakudzudzula pagulu, ndipo ukadandaula amakukumbutsa amene anakugulira nsapato yoyamba. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Fupalo nthawi zina limabaya. A Royal Flush ndi gawo limene linalola kuti tilione likubaya.

(Nyimbo)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili ku Peckham ndi Del ndi Rodney Trotter, ndipo tikukamba za magawo okanidwa a sewero la Only Fools and Horses. Tatha za gawo lopanda phwete la 1986. Tsopano atatu omaliza.

Pa 29 Disembala 1996 anthu 24.3 miliyoni anaonera gawo la Time on Our Hands. Wotchi yakale imene inangokhala m'galaja mwawo inapezeka kuti ndi ya katswiri John Harrison, ndipo inagulidwa pa mapaundi 6.2 miliyoni. Lonjezo la Del la chaka chilichonse, lakuti chaka chamawa nthawi ngati ino adzakhala mpondamatiki, linakwaniritsidwa. Anthu anati basi, nkhani yathera pabwino. Ndiye mu 2001 Sullivan anawabweretsanso, chuma chonse chitalowa m'madzi pa msika wa masheya, abwerera ku nyumba yosanjikizana yomwe ija. Anthu oposa 21 miliyoni anaonera, koma ambiri mpaka lero amati magawo atatu a 2001, 2002 ndi 2003 anaononga mathero abwino.

N'zoona kuti nthabwala zina m'magawo amenewa n'zofooka. Koma taonani chimene chinali pamitima ya opanga. Buster Merryfield, amene ankasewera ngati Albert, nkhalamba yandevu zoyera yokonda nkhani za kunkhondo, anamwalira mu 1999. Kenneth MacDonald, amene ankasewera ngati Mike wa ku bala ya Nag's Head, anamwalira mu 2001. Magawo amenewa ndi a anthu ofedwa. Mu gawo la 2002, Strangers on the Shore, Del ndi Rodney anyamula phulusa la Albert ulendo wa ku France. Ndipo kodi kulemera lero, mawa n'kubwerera pa geni yakale, si moyo umene tikuudziwa? Ndani mwa ife alibe mbale amene anagwirapo ndalama n'kuzionanso zikupita?

Pa 25 Disembala 2003 kunabwera gawo lomaliza, Sleepless in Peckham. Rodney aona chithunzi chakale cha mu 1960, ndipo pachithunzipo pali munthu wofanana naye ngati kulavula: Freddie Robdal, mbava yodziwika. Ameneyo ndiye bambo wake womubereka. Del anadziwa kale, koma anakhala chete. Rodney nayenso afuna kukhala chete poopa kuswa mtima wa mkulu wake. Pamapeto aima pamanda a mayi awo, Rodney atanyamula mwana wake wakhanda amene wamutcha Joan, dzina la malemuwo. Afunsa ngati iye ali ngati Freddie. Del atchula zoipa zonse za munthuyo, kuba, bodza, kupasula mabanja, n'kumuuza mng'ono wake kuti safanana naye m'pang'ono pomwe. Uyutu ndi Del yemwe uja anafinya dzanja lovulala mu 1986. Amene sanaone kufinyako sangamve kulemera kwa mawu a pamandawa.

John Sullivan anamwalira mu 2011, ndipo sadzalembanso gawo lina. Choncho ndikupempha, inu osunga matepi ndi inu osankha zoonetsa pa kanema, kulikonse kumene muli: gawo lofooka musalitaye, gawo lowawa musalidule. Lisungeni mmene linatulukira tsiku loyamba, pambali pa lokonzedwalo, anthu adzionere okha. Pempho lomweli lipite kwa osunga masewero athu a pa wailesi ndi a pa kanema kuno kwathu, chifukwa tepi ikafufutidwa sibwerera.

Ndipo inu omvera, kandimverere anakanena za m'maluwa. Musadumphe gawo chifukwa choti wina pa intaneti wati n'loipa. Ngati mungaipeze A Royal Flush yopanda phwete ija, ioneni mpaka kumapeto, ndipo musaionere nokha. Itanani achimwene kapena achemwali amene anakulerani, akadali ndi moyo, mukhale nawo pampando umodzi. Chete uja akafika, musazimitse.