Liu limene linayamba monga mpanda

Mlimi aliyense wa dimba adziwa kuti rape ndi matimati sizikhalitsa pamene mbuzi ndi ng'ombe zamasulidwa m'cilimwe. Asanafese, amayamba wadula mitengo ya mpanda. Nzeru yomweyi yabisala m'liu limodzi la ku Ulaya, limene ife tomwe timalichula osadziwa.

Anthu akale a ku Norway, Denmark ndi Sweden, ochedwa Maviking, anali ndi liu lakuti garðr. Tanthauzo lake loyamba linali mpanda, kenaka malo amene ali mkati mwa mpandawo. Lero ku Sweden ndi ku Denmark gård ndi famu kapena bwalo la nyumba. Ku Norway ena amalemba gard. Ku Iceland garður ndi dimba. Manda a pachalichi ku Denmark amachedwa kirkegård, ndiko kuti bwalo la chalichi lochingidwa. Ngakhale mzinda wa Constantinople, umene tsopano ndi Istanbul, Maviking anali kuucha Miklagarðr, kunena malo aakulu ozingidwa ndi linga.

Codabwitsa ncakuti ku Wales, dziko la kumadzulo kwa England, dimba limachedwa gardd. Cinenero ca kumeneko si ca banja limodzi ndi ca Maviking. Abale ake apafupi ali ku Cornwall ndi ku Brittany. Nanga liuli linafika bwanji?

Akatswiri a zinenero akuti linabwera ndi ngalawa. Maviking anamanga msasa ku Dublin, m'dziko la Ireland, mu 841, ndipo kucokera kumeneko anali kuoloka nyanja kukafunkha ku Wales. Mu 856 mfumu Rhodri Mawr inapha mtsogoleri wao wina dzina lake Gorm. Mu 999 iwo anapha Bishopu Morgeneu wa ku St Davids. Koma si onse amene anabwera ndi nkhondo. Ena anacita malonda, ena anakhazikika m'mbali mwa nyanja nasiya maina. Tauni ya Fishguard inatenga dzina lake ku mau ao otanthauza mpanda wogwirira nsomba.

Eni dziko anali kale ndi liu lao lofanana nalo, garth, ndipo buarth ndi bwalo la ng'ombe. Mau onsewa anaphuka pa muzu umodzi wakalekale, umene unabalanso hortus, dimba m'Cilatini. Komabe liu la alendo ndilo linakhazikika pa dimba, mwakuti Baibulo la cinenero cao, limene William Morgan anamasulira ndipo linasindikizidwa mu 1588, limagwiritsa liu lomweli pa munda wa Edeni. Liu lobwera ndi anthu otentha machalichi linathera m'buku lowerengedwa paguwa.

Cingerezi naco cili ndi ana awiri a muzu womwewu, garden ndi yard. Ndimo tinatengamo gadeni, ndiponso mayadi. Munthu akati akhala kumayadi ku Lusaka, akunena za nyumba zokhala ndi bwalo lakelake, ndipo liu limene wachula ndi mbale wa gård wa ku Sweden.

Makolo a anthu amenewa sanache dimba ndi dzina la mbeu kapena la madzi, koma la cinthu coliteteza. Milandu yambiri imene imafika kwa anyakwawa pakati pa mwini ng'ombe ndi mwini dimba imayambira pa mpata umodzi wosatseka. Inu a m'magulu a parishi amene mulinganiza dimba la mpingo caka cino, ndalama ya mbeu isatsogole. Yambani ndi mitengo ndi minga.