Fotokope ya aphunzitsi: kuthandiza ana kapena kuba?

Kalasi yodzaza thothotho, buku limodzi. Aphunzitsi atani? Ambiri amathamangira kumakina a fotokope m'tauni, ndipo ine sindingawadzudzule msanga. Ndili ku sekondale, ndakatulo zonse za mayeso ndinaziwerengera pa mapepala otere, ena zilembo zake zosaoneka n'komwe.

Kuchepa kwa mabuku kunafika poipa mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litayambitsa sukulu ya pulayimale yaulere. Ana anakhamukira m'makalasi, mabuku ayi.

Komatu abale, buku lili ndi mwini wake. Lamulo loteteza alembi la 1989 linalowedwa m'malo ndi la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limalondera ufulu wawo. Pangano la Berne, lomwe Malawi inalowamo mu 1991, limalola kugwiritsa ntchito zolemba za wina pophunzitsa, bola mutapeko zokwanira phunzirolo basi, n'kutchula mlembi ndi buku lake.

Ndiye aphunzitsi akajambula ndime imodzi kuti ana ayizukute m'kalasi, palibe mlandu. Zimavuta akajambula buku lonse, kulimanga bwinobwino, n'kumagulitsa kwa ana omwewo, ati kuwathandiza. Apo ndani adzagulenso buku lenileni? Mlembi amene anachezera usiku pa koloboyi sapezapo ngakhale tambala.

Sukulu yofuna kujambula masamba ochuluka iyenera kutenga chilolezo ku COSOMA ku Lilongwe n'kulipira. Ndalamazo zimapita kwa alembi ndi osindikiza mabuku.