Chodutsa kumwamba chija ndi fumbi, ndipo wailesi imalimva

Disembala akamafika, mauthenga a pa WhatsApp amayamba kuzungulira. Akuti chinthu chowala chadutsa kumwamba usiku, akuti ndi ndege ya mfiti, ena mpaka amatchula nyumba imene chimalowera. Kukamacha, zala zonse zaloza agogo a kumapeto kwa mudzi. Mphekesera zimenezi zimanyansa, chifukwa m'dziko muno okalamba avulazidwa ndi kuphedwa kumene pa milandu yonamizirayi, chikhalirecho lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti.

Chimene chimadutsacho ndi fumbi. Nyenyezi ya mchira ikayandikira dzuwa, madzi ake oundana amasanduka mpweya n'kumwaza tizidutswa panjira yake yonse, ndipo dziko lathu limaoloka njira zimenezo pa masiku omwewo chaka ndi chaka. Nyenyezi ya Halley inaoneka mu 1986 ndipo ibweranso mu 2061, koma zotsalira zake timakumana nazo kawiri pachaka: kumayambiriro kwa Meyi ndi chakumapeto kwa Okutobala. Za pa 13 ndi 14 Disembala, zotchedwa Geminids, zimachokera ku thanthwe la 3200 Phaethon lomwe linapezeka mu 1983. Tizidutswa tambiri sitiposa njere ya mchenga. Timaoneka chifukwa cha liwiro, makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi imodzi, ndipo timapsera m'mwamba pa mtunda wa makilomita 80 mpaka 120. Ndiye munthu anganene bwanji kuti chinthu chimene chili kutali choncho chalowera pa denga la mnzake?

Umboni wogwira mtima kwambiri uli kwa anthu okonda kulumikizana pa mawailesi awoawo. Kachidutswa kakamapsa sikangowala chabe. Kamamenya mpweya mwamphamvu moti kamathothola ma elekitironi, n'kusiya mzere wautali wa mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi. Mafunde a wailesi a VHF nthawi zambiri amapita molunjika, ndiye popeza dziko n'lozungulira, amaboola mlengalenga n'kutayika. N'chifukwa chake wailesi ya FM yakutali simveka kwanu. Koma akagunda mzere uja amabwezedwa pansi, n'kukatera kwina kutali, mpaka makilomita 2,000 kapena kupitirirako pang'ono. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500, choncho mtundawo uli mkati mwake.

Vuto ndi nthawi. Mzerewo umabalalika msanga, nthawi zambiri sekondi isanakwane. Womvera amakhala akumva phokoso la "shhh" lokhalokha, mwadzidzidzi liwu limatulukira, theka la mawu kapena kachidutswa ka nyimbo, basi lapita. Kachidutswa kakakhala kokulirapo, mawu amakhalitsa masekondi angapo. Kale anthuwa ankatumiza zizindikiro za Morse mothamanga kwambiri, winayo n'kujambula pa tepi kuti akamvetsere pang'onopang'ono. Masiku ano ntchitoyo ikugwiridwa ndi kompyuta. Joe Taylor, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1993, pamodzi ndi anzake anakonza njira yotchedwa MSK144 imene imapanikiza uthenga wonse m'magawo 72 a sekondi yogawidwa ka 1,000. Uthengawo umabwerezedwa mosalekeza pa 50 MHz kapena 144 MHz mpaka kachidutswa kena kagwe pa malo oyenera pakati pa anthu awiriwo. Winayo akayankha amadikiranso kachidutswa kena. Anthu awiri amene sanaonanepo amapatsana moni podalira fumbi limene nyenyezi inataya zaka mazanamazana zapitazo, ndipo amachita izi tsiku lililonse chifukwa fumbi lina limagwa chaka chonse.

Amakonda m'bandakucha. Nthawi imeneyo mbali ya dziko imene muli imakhala yayang'ana kumene dziko likulowera, ndiye imakumana ndi fumbi lambiri, monga momwe ngumbi zimadzazira pa galasi lakutsogolo la minibasi osati lakumbuyo.

Izi sizachilendo. Mu Okutobala 1946 akatswiri a ku Britain, kuphatikizapo a ku Jodrell Bank, anawerenga tizidutswati ndi makina a radar otsala ku nkhondo, ndipo posakhalitsa anapeza kuti tina timagwa mwaunyinji dzuwa lili phwee, pomwe diso silingaone kanthu. Ku Belgium kuli gulu la BRAMS limene limatiwerenga usana ndi usiku pa 49.97 MHz. Kaya mfiti zake ndi ziti zimene zimasunga kalendala chonchi, n'kumalembedwa ndi makina ku Ulaya pa tsiku lomwelo limene zaoneka kwathu kuno?

Zoona, nthawi zina mwala waukulu umafika pansi. Wina wolemera makilogalamu oposa 90 unagwa ku Machinga mu Januwale 1981. Koma zimenezo n'zosowa kwambiri, ndipo fumbi la mu Disembala limathera m'mwamba momwemo.

Wofuna kuona atuluke pakati pa usiku, kutali ndi magetsi, ngati mitambo ya dzinja yalola. Ikakana, atsegule wailesi ya FM pa malo opanda siteshoni yapafupi n'kudekha. Kumvetsera n'kwaulere, koma kutumiza mauthenga kumafuna chiphaso cha MACRA, ndipo dzina loitanira la aliyense wa ku Malawi limayamba ndi 7Q.